Momwe Mungasonkhanitsire ndi Kulemba Mbiri ya Ufiti ndi Amayi Oopsa a m'Nthano Muli Kuno ku Harare

Agogo athu amene anafika kuno kuchokera ku Nyasaland, lero Malawi, m'masiku a Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, ena pa malole a Ulere ndipo ena wapansi kudzera ku Tete, akutha mmodzimmodzi, ndipo aliyense amene tikumuperekeza kumanda akupita ndi nthano zimene palibe anazilemba. Pa nthano zonse zimene tinkamva madzulo ku Mbare, ku Mufakose, ku Mabvuku ndi ku Highfield, zimene zinatikanirira m'mutu ndi za amayi oopsa: nkhalamba ya m'nkhalango yonyenga ana ndi chakudya, mayi wopeza wozunza mwana wamasiye, ndi mfiti yokwera fisi anthu ali m'tulo. Malangizo awa ndalembera munthu amene akufuna kutola nkhani zoterezi kwa akuluakulu, kuziika pamalo pake m'mbiri, ndi kuzilemba mosapweteka munthu wamoyo. Poyambira sipafunika digiri. Foni yojambula mawu, kope lachikuto cholimba ndi mtima wodekha n'zokwanira.

Lekanitsani amayi atatu musanatuluke m'nyumba

Mawu akuti mkazi woopsa amafunditsa anthu atatu osiyana bulangete limodzi. Woyamba ndi mkazi wa m'nthano, amene alibe chiwongo, alibe mudzi, ndipo sanabadwepo. Wachiwiri ndi mkazi waulamuliro, amene anakhalakodi ndipo ankaopedwa chifukwa cha udindo wake pa mvula, pa kachisi kapena pa nkhondo. Wachitatu ndi mkazi wamba wolozedwa chala, amene anamwetsedwa mwabvi, kapena kupirikitsidwa pamudzi, kapena kungosalidwa mpaka imfa yake. Gawani kope lanu patatu ndipo musalole kuti atatuwa asakanizike, popeza nkhope ya woyamba uja ndi imene anthu amamuveka wachitatu akafuna kumuchita chipongwe, ndipo wolemba wosasamala amathandiza nawo kuveka nkhopeyo osadziwa.

Mkazi wachiwiriyu ndi amene ambiri amamuiwala, choncho muyambe mwamudziwa bwino. Kwa Achewa chitsanzo chachikulu ndi Makewana, kutanthauza mayi wa ana, amene ankasunga kachisi wa mvula ku Msinja, kufupi ndi mapiri a Dzalanyama. Iye ankatengedwa ngati mkazi wa Chisumphi, Mulungu wa mvula wa Achewa, sankakwatiwa monga akazi ena, ankatumikiridwa ndi atsikana otchedwa Matsano, ndipo tsitsi lake silinkametedwa chifukwa anthu ankakhulupirira kuti kulimeta kukanaletsa mvula. Mafumu akuluakulu ankatumiza nsembe kwa iye pa nthawi ya chilala. Kumunsi kwa Shire, pa kachisi wa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje, kunalinso mkazi wopatulika wotchedwa Salima. Amayi awa ankaopedwa kwambiri, koma palibe Mchewa kapena Mmang'anja wa nthawi imeneyo amene akanawatchula mfiti, popeza mphamvu yawo inali yapoyera ndi yosunga dziko, pamene ufiti ndi wamseri ndi wowononga.

Ife a kuno tili ndi chitsanzo chimene tingachione ndi maso. Pamphambano ya Samora Machel Avenue ndi Julius Nyerere Way paima chiboliboli cha Mbuya Nehanda, chimene chinavundukulidwa pa 25 Meyi 2021. Mayi amene chikumuimirayo, Charwe, anali wobwebweta wa mzimu wa Nehanda ku Mazowe, ndipo anapachikidwa mu mzinda uno mu Epulo 1898, ukutchedwabe Salisbury, atamuzenga mlandu wa imfa ya Henry Pollard pa nkhondo ya Chimurenga choyamba yolimbana ndi atsamunda. Atsamunda ambiri ankamulemba kuti ndi mfiti. Lero dziko limamutcha mayi wa ufulu. Mkaziyo ndi yemweyo, chimene chinasintha ndi pakamwa pa womutchula. Choncho nthawi iliyonse imene mwakumana ndi liwu lakuti mfiti, m'buku kapena pakamwa pa munthu, lembani pambali pake amene walinena, chaka chimene walinena, ndi chimene akanapindula polinena.

Kupeza akuluakulu ndi kucheza nawo

Eni nthano mudzawapeza m'mipingo ya CCAP ya Sinodi ya Harare, m'magulu a amayi a Chigwirizano, m'mizikiti imene Ayao amapempherako, ndi m'magulu othandizana pa maliro amene makolo athu anayambitsa atangofika kuno. Musapite nokha kwa munthu wosakudziwani. Pemphani mdzukulu wake kapena mkulu wa mpingo akuperekezeni, tengani kashuga kapena sopo monga mwa ulemu wathu, odirani pakhomo, ndipo mukhale pansi ngati agogowo ali pamphasa. Fotokozani momveka kuti mukufuna kujambula mawu awo, kumene mudzawasunge, ndi amene adzawamve, kenako jambulani chilolezo chawocho ndi mawu awo omwe kumayambiriro kwa kucheza.

Ulendo woyamba musatchule liwu lakuti ufiti. Munthu wamkulu akamva mlendo akufunsa za ufiti amayamba kuganiza kuti alipo amene wamutuma, ndipo nkhalamba yaikazi yokhala yokha ili ndi chifukwa chomveka choganizira choncho. Funsani motere: "Agogo, kodi amayi anu ankakusimbirani nthano zotani madzulo mukatha kudya?" Kuona maso a nkhono n'kudekha, nkhani za mfiti zidzatuluka zokha pa ulendo wachiwiri kapena wachitatu. Pitani madzulo, chifukwa akuluakulu ambiri amakanabe kusimba nthano masana, ndipo mutenge ana awiri kapena atatu oti azikavomera. Nthano yathu siyenda popanda ovomera: wosimba akati "Padangotero," omvera ayenera kuyankha "Tili tonse," ndipo agogo amene akulankhula ndi foni yokha amafupikitsa nkhani, n'kusiya nyimbo zake. Nyimbozo musazidule ngakhale zitabwerezedwa kasanu, popeza kawirikawiri mawu akale kwambiri a nthano amatsalira m'nyimbo pamene ena onse asintha.

Pali malire amodzi amene simuyenera kuwadumpha. Gule Wamkulu, amene anzathu Achishona amamutcha zvigure, ali ndi zinsinsi za kudambwe zimene munthu wosalowa safunsa, ndipo anthu ambiri a kuno amamusokoneza ndi ufiti chifukwa chosamudziwa. Mukafika pa nkhani za gule lembani zokhazo zimene eni ake amanena poyera, ndipo musaziike m'gawo la ufiti.

Chinthu chimene wofufuza wa ku Lilongwe sangakumane nacho, koma inu mudzakumana nacho tsiku lililonse, ndi kusakanizika kwa zilankhulo. Agogo angayambe nthano ndi "Padangotero," pakati n'kutchula muroyi m'malo mwa mfiti, zvidhoma m'malo mwa ndondocha, n'kutsiriza ndi mawu Achishona otsekera nthano. Musawongole. Lembani monga momwe anenera, chifukwa kusakaniza kumeneko ndi umboni wa njira imene nthanoyo inadzera, kaya ndi pa famu ya fodya, pa mgodi kapena m'banja la Mchewa wokwatira Mzezuru. Mukamva za njuzu, mkazi wa m'madzi amene amati amatenga munthu n'kumubweza ali sing'anga, funsani ngati agogowo anamumva kumudzi kapena kuno. Yankho lake lidzakuuzani ngati nkhaniyo inabwera m'thumba kuchokera ku Nyasaland kapena inatoledwa panjira.

Pa kucheza kulikonse lembani tsiku, malo, mudzi ndi mfumu ya kwawo kwa wosimba, ndiponso amene anamusimbira iyeyo nthanoyo. Ambiri sadziwa chaka chimene anabadwa, koma amakumbukira msinkhu wawo pa njala ya 1949 kapena pa nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, ndipo zimenezi n'zokwanira kuti muyerekeze zaka. Tchajani foni musananyamuke, popeza magetsi athu sadalirika, ndipo usiku womwewo koperani mawuwo pa kompyuta ndi pamalo ena achiwiri.

Mawu amene muyenera kuwamva kusiyana kwake

Chichewa chili ndi mawu ambiri pa nkhaniyi, ndipo wolemba amene amawamasulira onse ndi liwu limodzi amataya theka la mbiri. Akale ankasiyanitsa mfiti yeniyeni, imene amati imalakalaka nyama ya munthu ndipo imasonkhana ndi inzake kumanda, ndi mpheranjiru, amene amapha mnzake ndi mankhwala chifukwa cha nsanje kapena mkangano. Kutamba ndi zimene amati mfiti zimachita usiku, kulodza n'kupweteka munthu ndi mankhwala, kukhwima n'kudzilimbitsa kuti ulemere kapena usapwetekedwe, ndipo kutsirika n'kuteteza nyumba, munda kapena mwana. Nyanga ndi nsupa ndi zosungiramo mankhwala, chizimba ndi chimene amati chimapatsa mankhwalawo mphamvu, ndipo sing'anga woombeza ula ndi amene anthu ankapitako kuti awauze gwero la tsoka. Mdulo kapena tsempho si ufiti konse, koma matenda amene amati amabwera munthu akaphwanya mwambo wa m'banja, ngakhale kuti achinyamata a masiku ano amaziphatikiza. Agogo akagwiritsa ntchito limodzi la mawuwa, afunseni alimasulire okha ndi chitsanzo. Safunsa anadya phula.

Kuika nkhani pa nthawi yake

Nkhani za mkazi wachitatu uja, wolozedwa chala, zimamveka bwino mukadziwa zimene zinkachitika m'dziko pa nthawiyo. Atsamunda asanabwere, mlandu wa ufiti unkathera pa mwabvi, chakumwa chochokera ku khungwa la mtengo wapoizoni: wosanza ankayesedwa wosalakwa, ndipo wakufa ankayesedwa mfiti. Boma la Southern Rhodesia, lero Zimbabwe, linakhazikitsa lamulo loletsa zaufiti mu 1899, ndipo la Nyasaland linachita chimodzimodzi mu 1911. Malamulo onse awiri ankalanga woloza mnzake chala ndi woombeza kapena womwetsa mwabvi, osati wolozedwayo, kotero anthu ambiri anaona ngati boma latenga mbali ya mfiti. Mantha sanathe, anangosowa bwalo, ndipo pamene panasowa bwalo panamera anthu osaka mfiti.

Mu 1925 Tomo Nyirenda, wochokera kumpoto kwa Nyasaland, amene ankadzitcha Mwana Lesa, anayamba kuzindikira mfiti pobatiza anthu pakati pa Alala ku Northern Rhodesia, lero Zambia, ndipo anamiza anthu ambiri kumeneko ndi ku Katanga m'dziko la Congo mpaka pamene anapachikidwa mu 1926. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 kunabuka Mchape, amene anayambira cha ku Mulanje n'kufalikira ku Northern Rhodesia, ku Tanganyika ndi maiko ena oyandikana. Anyamata ake ankandandika mudzi wonse pamzere, kuyang'ana aliyense pa galasi, kulamula kuti nyanga zonse ziunjikidwe poyera, ndi kumwetsa anthu mankhwala ofiirira amene ankati adzapha aliyense wobwerera ku ufiti. Katswiri wofufuza za chikhalidwe cha anthu Audrey Richards anawaona akugwira ntchitoyi pakati pa Abemba mu 1934. Mu 1947 kunamveka osaka mfiti ena, Bwanali ndi Mpulumutsi, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 anthu ankayenda mitunda italiitali kupita kwa woombeza wotchedwa Chikanga ku Rumphi. Atsikamutanda, osaka mfiti amene timawamva m'midzi ya Zimbabwe lero akuponda m'mapazi omwewo. Agogo akanena kuti azakhali awo anagwidwa ufiti "nthawi ya galasi" kapena "chaka chimene amalume anapita kwa Chikanga," mwapeza msomali wopachikapo chaka cha nkhaniyo.

Mukatha kupeza chaka, fufuzani ubale. Max Marwick, wofufuza za chikhalidwe amene anakhala pakati pa Achewa a kufupi ndi Fort Jameson, lero Chipata, m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, anapeza zinthu ziwiri zimene wofufuza aliyense ayenera kuzisunga. Choyamba, milandu yambiri ya ufiti inali pakati pa abale a bere limodzi, anthu olimbirana cholowa, ng'ombe kapena unyakwawa, ndipo kulozana chala kunkakhala njira yoti mbumba yokula kwambiri igawikane. Chachiwiri, ngakhale anthu ankanena ndi pakamwa kuti mfiti zambiri ndi akazi, pa milandu yeniyeni imene iye analemba amuna ndi amene anachuluka. Kusiyana kumeneku, pakati pa zimene anthu amanena za akazi ndi zimene zinachitikadi, ndiko mtima wa kafukufuku wanu. Choncho pa mlandu uliwonse funsani kuti wolozayo ndi wolozedwayo anali pa ubale wotani, ndani anadwala kapena kumwalira, panali mkangano wanji kale, ndipo munda kapena nyumba inatsala m'manja mwa yani. Kuno ku tauni munda umasanduka nyumba ya kansolo, ukapitawo wa pa famu kapena malo ogulitsira pa msika wa Mbare, koma mafunso ake sasintha.

Musaganize kuti makolo athu sankadziwa kuti malungo kapena njoka zimapha. Katswiri wina, E. E. Evans-Pritchard, polemba za Azande a ku Sudan mu 1937, anapereka chitsanzo cha nkhokwe imene yagwera anthu okhala pamthunzi pake: aliyense akudziwa kuti chiswe ndicho chinadya mizati, koma funso limene ufiti umayankha ndi lakuti n'chifukwa chiyani inagwa pa ola lomwelo, pa anthu omwewo. Mukamvetsa zimenezi mudzasiya kuseka wosimba, ndipo mudzayamba kumva chisoni chimene chili kuseri kwa nkhani yake, chimene nthawi zambiri ndi imfa ya mwana.

Mulembenso mantha amene ena anali nawo pa ife. Kuyambira kale anthu a kuno amanena kuti Mabhurandaya, dzina limene anatipatsa kuchokera ku Blantyre, ali ndi mankhwala oopsa, ndipo mbiri imeneyi inapezetsa asing'anga ena makasitomala pamene inasalitsa amayi ena osalakwa m'makomboni. Mlendo wopanda munda ndi manda a makolo pafupi amakayikiridwa msanga, ndipo zimenezi ndi gawo la mbiri ya ufiti mu mzinda uno monga momwe uliri mwabvi.

Zolembedwa zakale mudzazipeza ku National Archives of Zimbabwe pa Borrowdale Road, kumene kuli malipoti a mabwanamkubwa a maboma ndi zolemba za milandu ya m'makhoti. Tengani chitupa ndi pensulo, ndipo muwerenge mochenjera, chifukwa mawu a wozengedwa mlandu anadzera mwa womasulira ndi kalaliki wachizungu amene ankatha kulemba sing'anga, wobwebweta ndi mfiti ndi liwu limodzi. Amene angathe kupita kumudzi akaone nkhokwe ya zolembedwa zakale ya boma ku Zomba ndi malo a chikhalidwe a Kungoni ku Mua.

Kufanizira ndi maiko ena

Mukasonkhanitsa nthano khumi kapena kuposerapo, ziikeni pafupi ndi za mitundu ina, ndipo mudzadabwa kuona nkhope zodziwika. Ku Mesopotamia wakale ankaopa Lamashtu, chiwanda chachikazi cholanda makanda ndi kupweteka amayi apakati, ndipo ankavala zithumwa pomuthamangitsa. Ayuda anali ndi Lilith, amenenso ankamuopa, n'kumateteza ana obadwa kumene kwa iye ndi zithumwa. Agiriki anali ndi Lamia, mfumukazi imene inataya ana ake n'kusanduka yodya ana a ena, Circe wosandutsa amuna nkhumba, ndi Medea wodziwa mankhwala amene anapha ana ake omwe. Ku Mexico amasimba za La Llorona, mayi amene anamiza ana ake ndipo amalira usiku m'mbali mwa mitsinje. Amene amandisangalatsa koposa ndi Baba Yaga wa ku Russia, nkhalamba yokhala m'kanyumba koima pa miyendo ya nkhuku, imene imauluka itakhala mu mtondo, kupalasa ndi munsi ndi kufufuta mapazi ake ndi tsache. Mfiti ya ku Ulaya imakwera tsache, ya ku Russia mtondo, yathu lichero. Zonsezi ndi ziwiya za mayi wa pakhomo, ndipo ine ndimaona kuti mantha amenewa akuchokera pamalo amodzi: dzanja limene limasinja, kupeta ndi kuphika ndi lomwe aliyense amadyapo osaona zimene laikamo. Onaninso kuti Baba Yaga nthawi zina amathandiza mwana waulemu, monga momwe nkhalamba ya zilonda ya m'nthano zathu imadalitsira mtsikana amene wavomera kuisambitsa ndi kulanga wonyada; mkazi woopsa wa m'nthano nthawi zambiri amakhala woyesa khalidwe, ndipo zimenezi muzilembe pamene zaoneka.

Pa mbali ya milandu, kufanana kulinso kwakukulu. Malamulo a Hammurabi, mfumu ya ku Babulo, a zaka pafupifupi 1750 Yesu asanabadwe, ankalamula kuti woimbidwa mlandu wa matsenga adziponye mu mtsinje. Akamira, womunenezayo ankatenga nyumba yake, koma akapulumuka, wonenezayo ndiye ankaphedwa. Umenewu ndi mwabvi wa madzi, koma wokhala ndi chilango cha wonama. Ku Ulaya, pakati pa zaka za 1450 ndi 1750, anthu pakati pa 40,000 ndi 60,000 anaphedwa ndi makhoti pa mlandu wa ufiti, ndipo pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse anali akazi. Buku la Heinrich Kramer lotchedwa Malleus Maleficarum, losindikizidwa cha m'ma 1487, linalimbikitsa kwambiri ganizo lakuti mkazi ndi wofooka pa mayesero a Satana, ndipo makina osindikizira amene anali atangoyamba kumene anathandiza kulifalitsa. Ku Salem, ku America, anthu 19 anapachikidwa mu 1692, akazi 14 ndi amuna 5. Anna Göldi, wantchito wa m'nyumba ku Glarus m'dziko la Switzerland, anadulidwa mutu mu 1782 atanenezedwa kuti ankaika masingano mu mkaka wa mwana wa bwana wake, ndipo boma la kumeneko linamuyeretsa mu 2008. Koma ku Iceland ambiri mwa ophedwa anali amuna, zimene zikutikumbutsa za Achewa a Marwick aja, kuti nkhope yachikazi ya mfiti si lamulo la chilengedwe.

Pofanizira musathamangire kunena kuti nthano yathu inachokera kwa Azungu kapena yawo kwa ife. Kufanana si ubale. Pamene kukhudzana kuli kotsimikizika ndi pa Baibulo, popeza Eksodo 22:18 ndi nkhani ya mkazi wa ku Endori pa 1 Samueli 28 zinalowa m'makutu a agogo athu kudzera m'maulaliki, ndipo kuyambira pamenepo mfiti ya m'mudzi inayamba kulumikizidwa ndi Satana, chinthu chimene nthano zakale sizitchula. Nthano imene mfiti yake ikuthawa pemphero kapena dzina la Yesu ndi yamtengo wapatali mofanana ndi inzake, koma muilembe podziwa kuti yadzera m'tchalitchi.

Kulemba mosapweteka munthu

Apa ndi pamene ntchitoyi imasiyana ndi kutola miyambi kapena nyimbo za ukwati. Ku Zimbabwe, lamulo la milandu limene linayamba kugwira ntchito mu 2006 limalanga munthu wochita zinthu zodziwika ngati zaufiti pofuna kuopseza mnzake, komanso limalanga woneneza mnzake ufiti popanda chifukwa. Ku Malawi lamulo la 1911 lija likuletsabe kuloza munthu chala. Choncho dzina la munthu aliyense wonenezedwa, wamoyo kapena womwalira amene ana ake alipo, lisalowe m'zolemba zimene mudzaonetse anthu. Sinthani dzina, chotsani nambala ya nyumba ndi msewu, ndipo ngati mudzi ndi waung'ono tchulani boma lokha. Wosimba akasiya zakale n'kuyamba kuneneza mayi woyandikana naye, zimitsani foni pomwepo ndipo muwauze mwaulemu kuti, "Agogo, izi tisazijambule." Mawu oterewa akangolowa pa WhatsApp simungawabwezenso.

Kuopsa kwake si kongoyerekeza. Mu Januwale 2016 anthu anayi okalamba anaphedwa m'boma la Neno ku Malawi atanenezedwa kuti anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana, ndipo mu 2021 nthambi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inavomereza chigamulo chodzudzula nkhanza zochitika chifukwa cha kunenezana ufiti. Nkhani imene imabwerezedwa m'matauni athu, ya nkhalamba yopezeka m'bandakucha pakhomo la eni ili yosavala ndi yosadziwa kumene ili, anthu n'kumati yagwa pa lichero, imafanana kwambiri ndi zizindikiro za matenda oiwala a ukalamba, amene amachititsa munthu kuyendayenda usiku ndi kuvomera chilichonse chimene wafunsidwa. Mvula ikakuona litsiro siikata: umasiye, umphawi ndi matenda zimagwera munthu mmodzi, kenako n'kubwera chala. Mukamva pa kafukufuku wanu kuti munthu wina ali pangozi yomenyedwa kapena kuthamangitsidwa, ikani kope pansi ndipo mudziwitse abale ake odalirika, atsogoleri a mpingo kapena apolisi.

Pa zimene inu mwini mumakhulupirira, simukuyenera kutsutsana ndi agogo kapena kuvomerezana nawo. Lembani kuti "anandiuza kuti" kapena "anthu a m'mudzimo ankakhulupirira kuti," ndipo mawu anu a ndemanga muwaike padera, kuti wowerenga adziwe pamene wosimba walekezera ndi pamene inu mwayambira. Kulemba pa pepala mawu a ola limodzi kumadya maola angapo, ndipo ndi bwino kuchita zimenezi sabata yomweyo mawu a wosimba akadali m'makutu mwanu.

Mukamaliza kulemba, bwererani kwa mwini nthano mukamuwerengere mokweza, pang'onopang'ono, ana ovomera aja ali pomwepo, ndipo musiyire banjalo pepala lawo ndi mawu ojambulidwawo. Pa ulendo umenewu agogo adzakudulani pakati, kukuuzani kuti nyimbo mwaiika pamalo olakwika, kapena kuti nkhalamba ija sinali mfiti koma mzimu wa mayi wa mwanayo, ndipo mwina adzawonjezera chigawo chimene anakubisirani poyamba chifukwa anali asanakukhulupirireni. Musafufute zimene munalemba kale. Lembani mawu atsopanowo pa tsamba loyang'anana nalo, ikani tsiku lake pamwamba, ndipo musunge zonse ziwiri.